Pampu yolembedwa kuti "patented" komanso valavu ya mmisiri wa pa Mangochi

Bambo wina wowotcherera zitsulo pa Mangochi boma wafunsa motere: "Ndimakonza ndi kupanga mathiredo pampu a alimi a m'mbali mwa Shire ndi nyanja ya Malombe. Pampu yomwe ndinatengerako nzeru inalembedwa kuti patented, ndipo anzanga akundiopseza kuti tsiku lina ndidzamangidwa. Chinanso, ndapanga valavu yangayanga ya pansi yomwe sitsekeka ndi mchenga. Ndingatani kuti ena asandibere nzeruyi?"

Bambo, khazikani mtima pansi kaye. Mawu akuti patented pa chitsulo si samani ya kukhoti. Mafunso anu ndi awiri, koma onse akufuna chinthu chimodzi, chomwe ndi kudziwa pomwe mpanda wa patenti umayambira ndi pomwe umathera. Pa zaka zomwe ndagwira ntchito ya mijigo ndi mapampu a mthirira ndaona amisiri aluso akuopa mpanda womwe kulibe, ndipo omwewo n'kumataya nzeru zawo zenizeni poziulula msanga. Sindikufuna kuti inu mugwe m'mbuna ziwirizi.

Patenti ndi pangano. Munthu amene watulukira chipangizo chatsopano amapita ku boma n'kuulula zonse, kapangidwe kake, kagwiridwe kake ka ntchito ndi zojambula zomwe, mwakuti mmisiri aliyense wodziwa ntchitoyo atha kuchipanga pongowerenga. Boma nalo limamulonjeza kuti kwa zaka zowerengeka wina asapange, asagulitse, asaitanitse chinthucho kuchokera kunja popanda chilolezo chake. Zakazo zikatha nzeruyo imasanduka ya aliyense. M'maiko ambiri ndi zaka 20 kuchokera tsiku lomwe pempho linaperekedwa, pomwe lamulo lathu lakale la m'zaka za m'ma 1950 linaika zaka 16. Pamwamba pa izo mwini amayenera kumalipira ndalama zosungira patentiyo, ndipo akaleka imafa nthawi yake isanakwane. Ambiri amalekadi pa njira.

Komanso patenti siwoloka malire yokha. Ya ku America imagwira ntchito ku America, ya ku India ku India. Kuti ikumangeni manja inu pa Mangochi, mwini wake ayenera kuti analembetsa ku Malawi kuno, kapena anadzera ku bungwe la maiko a mu Africa loona za mapatenti la ARIPO, lomwe likulu lake lili ku Harare, n'kutchula Malawi pa maiko omwe akufunako chitetezo. Tsono chitani izi. Yang'anani pa kachitsulo ka pampuyo ngati pali nambala ya patenti. Ilembeni mu Google Patents kapena mu Espacenet, masamba a pa intaneti ofufuzirapo mapatenti, zonsezi n'zaulere ndipo zimatseguka pa foni. Muona chaka, dziko, ndiponso ngati patentiyo ikadali moyo. Kenaka pitani kumapeto kwa chikalatacho, pa ndime zokhala ndi manambala zomwe amazitcha claims. Pamenepo ndi pomwe pali mpanda weniweni. Nkhani yonse ya kumayambiriro ndi kungofotokoza, koma chomwe mwini angakuletseni ndi chokhacho chomwe chalembedwa mu ndime zimenezi. Kawirikawiri mupeza kuti sanatseke pampu yonse. Watseka kapangidwe ka kamalo kamodzi, mwina momwe zopondapo zimalumikizirana ndi mapisitoni, kapena momwe bokosi la mavalavu laumbidwira.

Ngakhale itapezeka kuti ili moyo kuno, mlandu wa patenti mwini wake ndiye amakasuma kukhoti kuti muleke ndi kumulipira. Si nkhani yoti apolisi angotulukira ku shedi kwanu ndi unyolo. Pomwe ndikuchenjezani mwamphamvu ndi pa dzina. Musalembe dzina kapena chizindikiro cha kampani ina pa pampu yanu, ndipo musaipente mofuna kuti mlimi aganize kuti akugula ya kampaniyo. Chizindikiro cha malonda chili ndi lamulo lakelake, sichitha ngati patenti chifukwa mwini amatha kumachiwonjezera nthawi, ndipo kuchinamizira ndi chinyengo chomwe chingakufikitsenidi m'manja mwa apolisi.

Nzeru ya pampu yomwe mumapangayo payokha ilibe mwini. Pisitoni yoyenda mu silinda, ndi mavalavu awiri, wina wolowetsa madzi wina wotulutsa, inalipo kale ku Alexandria zaka zoposa 2,000 zapitazo, ndipo mbiri imatchula mmisiri Ctesibius. Thiredo pampu monga tikuidziwira lero inakulira ku Bangladesh kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1980, pa ntchito ya injiniya wa ku Norway Gunnar Barnes ndi bungwe la RDRS, ndipo inafala chifukwa timashopu tambirimbiri tinkaipanga. Inu muli pa mzere womwewo.

Kale zinthu sizinali choncho nthawi zonse. Mu 1698 Thomas Savery wa ku England anapatsidwa patenti ya makina okweza madzi ndi mphamvu ya moto. Makina akewo anali ofooka, sankatha kutulutsa madzi m'migodi yakuya, koma mawu a patentiyo anali otambalala kwambiri, ndipo nyumba ya malamulo inaitalikitsa mpaka 1733. Thomas Newcomen atapanga injini yabwino kuposa ya Savery, yomwe inayamba kupopa madzi mu 1712, anayenera kugwira ntchito pansi pa patenti ya mnzakeyo. Ndikaganiza za Newcomen ndimamumvera chisoni, chifukwa thukuta linali lake. Masiku ano maofesi a patenti salola munthu kutseka ntchito yonse yokweza madzi, amafuna atchule ndendende chomwe wawonjezera pa zomwe zinalipo kale.

Ndiye pali phindu lomwe amisiri athu ambiri saliona: mapatenti akale ndi sukulu yaulere, yokhala ndi zojambula zoti mutha kutsatira ndi tepi ndi laimu m'manja. Tengani pampu yodzipopa yokha ija yotchedwa hydraulic ram. Joseph Montgolfier wa ku France anaipanga mu 1796, ndipo Matthew Boulton anailembetsa ku England mu 1797. Siifuna mafuta, magetsi kapena mwendo wa munthu. Madzi amatsetsereka mu paipi, valavu imatseka mwadzidzidzi, ndipo kugunda komwe kumachitikako kumakankhira madzi pang'ono kudutsa valavu yachiwiri kulowa mu thanki ya mpweya, n'kukwera mtunda. Madzi ambiri amatayika pa valavu yoyamba ija, koma imagunda usana ndi usiku osapuma. Pa chidikha cha m'mbali mwa Malombe singagwire, chifukwa imafuna madzi ogwa kuchokera pamwamba. Koma kumapiri a ku Namwera, komwe timitsinje timatsika ndi liwiro, mmisiri ngati inu atha kuipanga ndi mapaipi ndi mavalavu ogula m'sitolo za hadiweya, ndipo palibe angamufunse kanthu.

Mapampu ambiri a sola omwe akumizidwa m'zitsime masiku ano nawonso ali ndi nzeru yakale m'kati mwake. Ena mwa iwo ali ndi chitsulo chopotana chomwe chimazungulira m'kati mwa labala, n'kumakankha madzi m'timatumba tomwe timasunthira m'mwamba. Nzeruyi ndi ya René Moineau wa ku France, ya cha m'ma 1930. Patenti yake inatha kalekale, n'chifukwa chake makampani osiyanasiyana amapanga mtundu womwewo. Ubwino wake ndi woti imakweza madzi kutali ngakhale ikuzungulira pang'onopang'ono dzuwa likachepa. Mdani wake ndi yemwe mukulimbana naye inuyo, mchenga, womwe umadya labala uja, komanso kuyenda popanda madzi.

Koma nkhani yomwe ndikufuna muisunge kwambiri ndi ya mjigo wa pamudzi panu. Mjigo wa Afridev, womwe uli pafupifupi m'mudzi uliwonse kuyambira kwa Chimwala mpaka kwa Makanjira, unayambira ku Malawi kuno. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980 kunapangidwa pampu yotchedwa Maldev, ndipo ntchito yoikonza inapitirira ku Kenya mothandizidwa ndi UNDP, nthambi ya chitukuko ya United Nations, ndi World Bank mpaka inakhala Afridev. Vuto lomwe ankafuna kuthetsa linali lodziwika. Mijigo ya nthawi imeneyo ikawonongeka pamafunika galimoto ndi gulu la amisiri ochokera ku boma kuti azule mapaipi olemera, ndipo mudzi unkadikira miyezi, amayi atabwerera kudambo. Opanga Afridev anaganiza zoti pisitoni ndi valavu ya pansi zizitha kutuluka kudzera m'kati mwa paipi ya pulasitiki, mapaipiwo osazulidwa. Thupi la pisitoni ndi la valavu ya pansi analipanga lofanana kuti sipeya imodzi igwire pawiri. Zida zake n'zochepa, sipanala imodzi ndi kambedza kokowera valavu. Anthu awiri kapena atatu a mu komiti ya mjigo atha kusintha malabala m'mawa umodzi, pa mjigo wokweza madzi mpaka mamita 45.

Imeneyi ndi nzeru yoti akanafuna akanaitchinga ndi patenti. Sanatero. Zojambula zake n'zotseguka kwa aliyense, zimasungidwa ndi bungwe loona za madzi a kumudzi la RWSN lomwe ofesi yake ili ku Switzerland, ndipo fakitale iliyonse itha kupanga. N'chifukwa chake masipeya ake amapezeka m'magolosale a m'misika ya kumudzi, ndipo eriya makaniki, mmisiri wokonza mijigo ya m'dera, wa kwa Nankumba amadziwa mjigo wa kwa Katuli asanauone. Ine ndimakhulupirira kuti ukanakhala wa kampani imodzi, midzi yambiri ya kuno ikanakhala ikumwabe madzi a m'nyanja. Sindibisa kuipa kwake. Popeza aliyense amapanga, pamsika pamabweranso masipeya achabechabe, malabala otha m'masabata ochepa ndi ndodo zochita dzimbiri msanga, makamaka m'madera a m'mbali mwa nyanja momwe madzi ena a pansi ali ndi mchere. Ndinazulapo ndodo zoti zangotha chaka chimodzi koma zitadyeka ngati zakhala zaka khumi, ndipo omwe analipira ndi amayi osonkha ndalama za mjigo mwezi ndi mwezi. Koma mankhwala a vuto limenelo ndi kuyang'anira muyezo wa katundu, si patenti.

Tibwere tsopano pa valavu yanu, chifukwa apa ndi pomwe pali chuma chanu ngati chilipo.

Choyamba n'chowawa koma n'chofunika: tsekani pakamwa. Patenti imaperekedwa pa chinthu chatsopano padziko lonse, osati chatsopano pa Mangochi pokha. Mukaika kanema wa m'kati mwa valavuyo pa Facebook kapena pa gulu la WhatsApp, mukaigulitsa kwa mlimi woti atha kuimasula n'kuona, mukaifotokoza pa chionetsero, nzeruyo yaululika, ndipo ofesi itha kukukanani chifukwa cha kuulula kwanu komwe. Malamulo a ARIPO amakhululuka pang'ono pokha, pa zionetsero zovomerezeka ndi boma, ndipo pempho liyenera kulowa pasanathe miyezi isanu ndi umodzi. Musadalire chikhululukiro chimenechi. Ngati mwagulitsa kale mavalavu angapo, muuzeni zoona amene adzakuthandizeni kulemba pempho, kuti musataye ndalama pa chinthu chomwe chinatuluka kale m'manja.

Kuwonjezera pa kukhala chatsopano, chinthucho chisakhale choti mmisiri aliyense wa mapampu akanachiganiza mosavuta, ndiponso chikhale choti chingapangidwe n'kugwira ntchito. Apa ndikuuzani mosapsatira. Valavu ya labala wa tayala yotseguka mbali imodzi ndi yakale. Valavu ya kampira ndi yakale. Sefa wotchinga zinyalala kukamwa kwa paipi ndi wakale. Ngati mwangophatikiza zimenezi, patenti simuipeza. Koma ngati mwapeza kapendekedwe ka pokhalira valavu koti mchenga uzitsetsereka wokha osatsalira pomwe labala amatseka, kapena njira yoti madzi obwerera azitsuka pamalopo pa kuponda kulikonse, pamenepo mwina pali kanthu. Kuti mudziwe, khalani pansi madzulo angapo ndi foni. Mapatenti onse anaikidwa m'magulu a zilembo ndi manambala. Mavalavu ali mu F16K, ndipo olola madzi kupita mbali imodzi yokha ali mu F16K 15. Mapampu a pisitoni ali mu F04B. Chingerezi chake n'cholimba, koma inu ndinu mmisiri, zojambula muzimva msanga kuposa loya. Mukapeza kuti wina anajambula valavu yanuyo mu 1950, musakhumudwe. Mwapulumutsa ndalama, mwadziwanso kuti mutha kuipanga mwaufulu, ndipo mwina muona momwe iye anathetsera vuto lomwe inu likukusowetsani tulo.

Mukafufuza n'kusapeza yofanana nayo, njira zilipo ziwiri. Mutha kupereka pempho ku ofesi ya boma yolembetsa makampani, zizindikiro za malonda ndi mapatenti, yomwe ambiri timaidziwa kuti kwa Registrar General. Kapena mutha kudzera ku ARIPO pansi pa pangano la ku Harare la 1982, pomwe pempho limodzi limatha kutchula Malawi, Mozambique, Zambia, Tanzania ndi maiko ena a m'bungweli. Kwa munthu wa ku Mangochi zimenezi si zakutali, poti katundu wanu akangodutsa pa Chiponde wafika kale ku Mandimba m'dziko la Mozambique. Mukapereka pempho loyamba mumakhala ndi miyezi 12 yoti mukaperekenso kumaiko ena tsiku lanu loyamba lija likuwerengedwabe, malinga ndi pangano la ku Paris lomwe Malawi ali nawo. ARIPO ilinso ndi chiphaso chaching'ono chotchedwa utility model, cha zaka 10, chomwe chinakonzedwera zinthu ngati zanuzi, zowonjezera pang'ono koma zothandiza, ndipo muyezo wake si wokwera ngati wa patenti. Musanalipire, funsani ku ofesi ija kuti akufotokozereni mphamvu ya chiphasochi m'makhoti athu. Musapite ku COSOMA, kumeneko ndi kwa oimba ndi alembi, ngakhale ambiri amasokoneza.

Ndime za claims zija musalembe nokha. Ndi ntchito ya loya kapena ejenti wodziwa za patenti, chifukwa liwu limodzi lolakwika litha kupangitsa kuti wina asinthe bawuti imodzi n'kudutsa pambali pa mpanda wanu. Ndipo aliyense amene mungamuonetse valavuyo pempho lisanalowe, kaya ndi wa fakitale, wa bungwe kapena mphunzitsi wa ku yunivesite, asayine kaye kalata yolonjeza kusunga chinsinsi.

Mwina mukufuna kumva maganizo anga enieni. Patenti imadya ndalama polembetsa, imadya chaka ndi chaka, ndipo siidziteteza yokha. Boma silidzayenda m'misika kukusakirani okopera. Ndinu amene mudzawapeze n'kulipira loya. Dzifunseni kuti amene angakopere valavu yanu ndani. Ngati ndi wowotcherera mnzanu wa ku M'baluku wopanga mapampu asanu pa chaka, kodi mudzamutengeradi kukhoti, ndipo mukapambana adzakulipirani ndi chiyani? Pa msika woterewu chomwe chimadyetsa mmisiri ndi dzina. Lembetsani dzina ndi chizindikiro chanu, n'zotsika mtengo kuposa patenti. Dindani chizindikirocho pa valavu iliyonse. Sungani malabala osinthira kuti mlimi akabwera mu Ogasiti, chimanga cha kudimba chikufota, asabwerere chimanjamanja. Zikombole ndi miyezo yomwe mumadulira zikhale zanu ndi ana anu a ntchito okhulupirika, chifukwa wokopera amaona maonekedwe koma sadziwa chifukwa chomwe munapendeketsa pamalo pakutipakuti.

Patenti imayamba kukhala ya nzeru pomwe valavuyo ingapangidwe yambirimbiri pa fakitale ya pulasitiki ku Blantyre kapena kunja, n'kumagulitsidwa m'maiko angapo. Pamenepo pempho lolowa kale ndi lomwe limakupatsani mpando pokambirana, kuti kampani ikulipireni pa valavu iliyonse yomwe yagulitsa m'malo mongokuthokozani. Ndipo vuto la mchenga si la Malombe yokha. Aliyense wopopa madzi mumtsinje wa mchenga kapena m'chitsime chosamangira amalidziwa, choncho sindikupeputsa zomwe mwapangazi. Valavu yosunga madzi usiku wonse imatanthauzanso kuti mwana sapita m'mamawa ndi ndowa kukatunga madzi odzutsira pampu m'mphepete mwa Shire, momwe ng'ona zimadikira.

Koma kampani kapena ofesi siidzamva zoti "imagwira bwino". Idzafuna manambala, ndipo inunso muyenera kuwafuna musanawononge ndalama. Tengani mapampu awiri ofanana, ina ya valavu wamba, ina ya valavu yanu, muziike pa madzi amodzi, pa dimba lanu kapena la m'bale wosunga chinsinsi. Onetsetsani kuti kuchokera pa madzi kufika pa pampu kutalika n'kofanana, ndipo kusapitirire mamita 7. Pampu iliyonse yokoka madzi ili ndi malire amenewa, chifukwa chomwe chimakweza madzi mu paipi ndi kulemera kwa mpweya wotizungulirawu, ndipo mpweyawo sungawakweze kupitirira mamita 10 ndi pang'ono ngakhale pampu itakhala yangwiro. Mangani bwino polumikizira mapaipi, poti kabowo kakang'ono kolowetsa mpweya kamanamizira valavu mlandu womwe si wake. Ndiye tsiku lililonse lembani mu kope lolimba, ndi deti lake: masekondi angati kudzaza ndowa ya malita 20, kangati mwamasula valavu kuchotsa mchenga, ndiponso ngati m'mawa pampu yadzuka yokha kapena yafuna kuthiridwa madzi. Chitani zimenezi nyengo yonse ya dimba, mpaka Okutobala pomwe madzi amatsika ndipo mchenga umachuluka. Jambulani valavuyo mu kope lomwelo, mbali zonse ndi miyezo yake, musayine, ndipo kopelo likhale m'nyumba osati ku shedi. Mukadzapita kwa loya kapena ku ofesi, mudzanyamule kopelo, valavu imodzi yatsopano, ndi ina yomwe yagwira ntchito nyengo yonse osaitsuka.